Amene Anapinda Parachuti ya Mlongo Wanga

Sayirini itayamba kulira ndinali ndi ulusi pakamwa, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti ndinakaulavulira pati. Ndinangozindikira ndili panja, pa simenti yotentha ya kutsogolo kwa shedi, pakati pa amakaniko amene anali atasiya ntchito n'kumayang'ana kumwamba, aliyense dzanja pamphumi. Galimoto zozimitsa moto zinali zitauyamba kale wa kumapeto kwa msewu wa ndege.

"Ndi ya ndani?" ndinafunsa makaniko wina, bambo wa mafuta mpaka m'zigongono.

Anandiyang'ana, kenako n'kuyang'ana nsapato zake. Apo ndinadziwa. Pa bwalo la ndege za nkhondo aliyense amadziwa mbale wa mnzake, ndipo munthu akakubisira maso ndiye kuti wakuyankha.

Pamwamba pa mitengo, kutali ndithu, ndege inkabwera ikukoka utsi wakuda. Inali ya mlongo wanga, kaputeni amene anzake ankamutcha Namzeze. Tinamva pambuyo pake kuti khwangwala analowa mu injini ndegeyo itangonyamuka. Chinthu chong'amba mitambo, chimene chikabangula mawindo a nyumba zathu ankanjenjemera, chinagonja kwa mbalame yotola m'dzala.

Ine ndinali sajeni, ndipo ntchito yanga inali yopinda maparachuti. Anthu ambiri amaganiza kuti woyendetsa ndege ya nkhondo amabereka parachuti kumbuyo ngati mwana. Mu ndege zathu sizinali choncho. Parachuti inkakhala m'kabokosi kumutu kwa mpando. Zinthu zikavuta, woyendetsa amakoka chogwirira cha mizere yachikasu ndi yakuda chimene chili pakati pa miyendo yake. Denga la galasi limathothoka, moto umaponya mpando m'mwamba munthu ali pomwepo, kenako mpandowo umamusiya, parachuti n'kutseguka. Zonsezi zimatha munthu asanamalize kuitana mayi ake. Ikakana kutseguka, palibenso ina.

Parachuti imene inali kumutu kwa mlongo wanga mmawa umenewo sindinaipinde ine. Anaipinda mkazi amene mlongo wangayo anamusiya mphete ili kuchala.

*

Chipinda chathu chinali chachitali ngati tchalitchi, ndipo tinkachipatsa ulemu womwewo. Munali matebulo aatali osalala, oti ukhoza kudziyang'anirapo, ndi nsanja kumapeto komwe tinkapachika maparachuti kuti apitidwe mphepo. Polowa unkavula mphete, ndolo, wotchi, ngakhale kachitsulo ka m'tsitsi, n'kuzisiya m'mbale yachitsulo pakhomo. Chida chilichonse chinali ndi kansalu kofiira kolendewera, ndi chithunzi chake chojambulidwa ndi penti pa bolodi. Chida chikasowa, malo ake ankaonekera ngati pochoka dzino, ndipo palibe ankaweruka chisanapezeke.

Khoma la kumapeto linali la misomali. Pa msomali uliwonse panalendewera chogwirira chachikasu ndi chakuda. Umenewu unali mwambo wathu: woyendetsa ndege akapulumuka, ankabwera yekha ndi chogwirira chimene anakoka, kudzachipereka kwa amene anamupindira parachuti. Koma pakati pa misomaliyo panali umodzi wopindika, wadzimbiri, umene sunkapachikidwa kanthu.

Wotiyang'anira anali mkulu wina amene tonse tinkamutcha a Mfundo, chifukwa ankatha kuona mfundo yolakwika ataima pakhomo. Nyamakazi inali itawapinda zala moti supuni ankaigwira ngati khasu, ndiye anali atasiya kupinda. Ankangoima pambali pako, manja kumbuyo, kupenya chilichonse, ukamaliza n'kudinda. Ndiwo ankatiuza kumene ntchitoyi inachokera. Ankati kalekale, ndege zikungoyamba kumenya nkhondo, akuluakulu ena ankakana kupatsa oyendetsa maparachuti poopa kuti azithawa msanga n'kumataya ndege.

"Ndege inali yodula, munthu anali wotchipa," ankatero. "Panapita maliro ambiri kuti anthu atembenuke mtima. Lamulo lililonse mukuliona muno, ana inu, linali munthu. Anali ndi nsapato zake, anali ndi mkazi womudikira. Anagwa, anzake anakatola zidutswa, anakhala pansi n'kufunsana kuti chalakwika n'chiyani, ndiye pabadwa lamulo. Mukamadandaula kuti malamulo achuluka, mukudandaula kuti manda achuluka."

Ndili watsopano ndinkayesa kuti ndi zoopsezera chabe. Patapita zaka ndinayamba kuona bwalo lonse ndi maso awo. Mmawa uliwonse asilikali ankandanda phewa ndi phewa, ndi mabwana omwe, kuyenda msewu wonse wa ndege akutola timiyala ndi timawaya, chifukwa kamwala kena kanayamba kalowapo mu injini ya munthu. Woyendetsa asananyamuke ankakweza m'mwamba tizitsulo totsekera mpando kuti makaniko ationa, chifukwa wina anafa akukoka chogwirira cha mpando wokiya. Tinkayenda pa mafupa a anthu amene sitinawaonepo, ndipo anthuwo ankatisunga.

Opinda tinalipo atatu: ine, Kamba ndi Lumo. Kamba anali kopolo wa imvi za m'mbali, wodekha moti tiyi wake ankazizira asanamuyambe. Lumo dzina analipeza chifukwa cha lilime, komanso chifukwa mapindo ake ankawongoka ngati wachita kudula. Kale ankanditcha alamu. Tinkadyera pamodzi masana, ankandiluka tsitsi, ndipo diresi la ukwati tinakalisankha tonse. Kenako mlongo wanga anapita ku maphunziro, n'kubwerako ndi maganizo ena komanso namwino wina woseka bwino. Lumo sanalire pamaso pa munthu. Mmawa wina anavula mphete pakhomo monga mwa lamulo, n'kuiika m'mbale, ndipo poweruka sanaitenge. Inakhala momwemo mpaka a Mfundo anaichotsa. Kuyambira pamenepo ine ndinasanduka "Sajeni", ndipo pakati pathu panatsala mawu a ntchito okhaokha.

Parachuti sikhala chipindire. Nthawi yake ikakwana imachotsedwa pa mpando, kutambasulidwa, kupimidwa, n'kupindidwanso. Ya mlongo wanga nthawi zonse ankapinda ndi Kamba, pakuti lamulo lathu lalikulu linkati munthu sapinda parachuti ya mbale wake, kapena ya aliyense amene mtima wake uli pa iye. Koma ulendo umenewo nthawi inakwana Kamba ali kutali ku maphunziro, ndipo a Mfundo anaipereka kwa Lumo.

Ndinawatsatira mu ofesi mwawo n'kutseka chitseko.

"Bwana, ndipatseni ine."

"Lamulo ukulidziwa."

"Ndikulidziwa. Koma lamulo lanulo likuletsa chikondi chokha. Nanga chidani? Mukudziwa zimene mwana uja anamuchita mtsikanayu. Mukusungitsa mbuzi kwa fisi, bwana."

A Mfundo anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'munsi mwa malaya, osafulumira.

"Chidani sichinatipherepo munthu muno, mwana wanga. Wodana nawe amapinda bwino zedi, chifukwa amadziwa kuti zikavuta maso onse adzakhala pa iye. Chimene chinatiphera munthu ndi chikondi. Tabwera."

Ananditengera ku khoma lija n'kuloza msomali wopindika.

"Uwu unayamba wafunsapo?"

"Ndinkayesa unangopindika pokhoma."

"Amene anandiphunzitsa ntchito ine anali katswiri woti sindinaonenso wina. Mwana wake atakhala woyendetsa ndege, bamboyo anati parachuti ya mwana wanga wina asaikhudze. Anaipinda bwinobwino, woyang'anira anaiona, anadinda. Koma ataweruka mtima sunakhale pansi. Chingwe chija ndinachiona bwino? Nanga pakona paja? Anabwerera n'kuitsegulanso. Zonse zinali bwino. Koma zida zinali zitakiyidwa kale, ndiye potseka, mmalo mwa kachitsulo kathu kogwirizira kamene kali ndi nsalu yofiira, anatulutsa msomali m'thumba kuti ugwire kaye iye akumanga. Msomali ulibe nsalu yofiira. Suitana munthu kuti wandiiwala."

Anaukhudza ndi chala chopindika chija.

"Ofufuza anaupeza pomwe anausiya, utagwira ntchito yake mokhulupirika. Wodana nawe amapinda kamodzi n'kupita kwawo kukagona. Wokukonda amabwerera."

"Ine sindingabwerere."

"Iwe? Si iwe uja unabwerera pa geti kukaona ngati wazimitsa simbi, chonsecho tsiku limenelo sunasite?"

Ndinakwiya kwambiri chifukwa ankanena zoona.

Madzulo ake ndinamupeza mlongo wanga akutsuka galimoto pakhomo pake, buluku atapinda mpaka m'mawondo. Ndinamuuza zonse. Anaseka mpaka kugwira boneti.

"Ndiye mukuopa kuti andikulungira njerwa, achemwali?"

"Usaseke. Mtsikana uja unamulakwira."

"Ndinamulakwira, sindikukana." Anafinya chinsanza, nkhope itasintha pang'ono. "Koma mukumudziwa. Uja amasita ndi masokosi omwe. Akhoza kundithira tameki mu tiyi, koma kupinda mokhota sangathe, manja ake sangalole. N'chimene ndinamuthawira. Ine ndine munthu wokhotakhota."

Ndinamulanda chinsanzacho n'kumumenya nacho paphewa. Mwana ameneyu ndinamulera ine mayi athu atamwalira. Ndinamupukuta mamina, ndinamubereka popita kuchipatala, ndinagona ndi njala kuti iye adye, ndipo mpaka kukula sanaphunzire kuopa pa nthawi yoyenera. Mantha ake onse ndinkamusenzera ndine.

Tsiku lopinda ndinapatsidwa ntchito yosoka malamba patebulo la kutali, koma diso langa linali kwa Lumo. Ndiyenera kunena chilungamo: ndinali ndisanaonepo munthu akupinda chotero. Anatambasula nsaluyo utali wa tebulo lonse, yoyera ndi yofiirira, yopepuka ngati utsi. Anayenda nayo mbali ndi mbali, akuiunika ku kuwala, chala chikutsatira msoko uliwonse. Zingwe anazipesa ngati tsitsi la mwana mpaka chilichonse chinagona pambali pa chinzake. Kenako anayamba kupinda, pindo pamwamba pa pindo, akusalaza ndi chikhatho kamodzi kokha. Nsalu yotha kuphimba nyumba inalowa m'kabokosi koti mwana akhoza kunyamula. A Mfundo anaima pambali pake nthawi yonseyo osapeza chonena. Tizitsulo togwirizira tinabwerera pa bolodi, nsalu zake zofiira zikulendewera. Ulusi wotsekera unamangidwa, chidindo chinagwa.

Lumo ananyamula kabokosiko kukakaika m'chipinda chosungira, mmene kanayenera kugona mpaka amakaniko adzakatenge mawa lake. Anakiya. Koma mmalo mopachika kiyi pamalo pake monga mwa masiku onse, anamuika m'dzanja la a Mfundo.

"Bwana, kiyi uyu asagone muno lero. Mupite naye kunyumba, ndipo musampatse munthu."

"Munthu wake uti?"

"Aliyense, bwana."

Sanandiyang'ane, koma ine ndinamva kuti mwalawo waponyedwera ine. Kenako anapita pa sinki n'kusamba m'manja nthawi yaitali, ndipo ndinati mumtima, taonani kunyansidwa kwake, ngati wagwira galu wakufa. Tsiku limenelo anachoka ataiwala juzi yake pampando, chinthu chimene anali asanachitepo.

*

Tsopano ndinali pa simenti paja, ndege ya utsi ikutsika. Pa wayilesi ya galimoto ina imene inaima pafupi tinkamva mawu a wolondolera ndege wa pa nsanja, odekha ngati akuwerenga nkhani.

"Namzeze, injini yazima. Isiye ndegeyo, tuluka."

"Ndamva. Ndidutse kaye nyumbazi."

Pansi pake panali nyumba za mabanja athu, zovala zili pa zingwe, ndi sukulu ya ana a asilikali. Ndinaona ndegeyo ikupendekeka pang'onopang'ono, mphuno ikulunjika ku tchire la kuseri kwa mpanda. Inali itatsika kwambiri. Ine ndinkadziwa, kuposa onse amene anaima pamenepo, kuti parachuti imafuna mpata, ndipo mpatawo unkatha ndikuona.

"Namzeze, tuluka tsopano."

Kenako pamsana pa ndege panang'anima kamoto, ndipo kanthu kakuda kanatumphukira m'mwamba. Phokoso lake linatipeza mochedwa, ngati munthu wamenyetsa chitseko kutali. Kanthu kaja kanakwera, kanaima, kanayamba kugwa kakugubuduzika. Mpando unapatuka. Tsopano ndinkatha kuona miyendo ndi manja, kamunthu kochepa kuposa chala changa, mlongo wanga yense amene ndinamulera, ali pakati pa thambo ndi nthaka popanda chomugwira.

Pamwamba pake panatuluka kansalu koyera, kakang'ono, kakukoka mzere wautali wopyapyala. Mzerewo unatalika, unatalikabe. Ndinkadziwa chimene chikuchitika mmenemo: zingwe zinali kutuluka m'malo mwake, chimodzi pambuyo pa chinzake, monga mmene manja anazigonekera patebulo. Chimodzi chokha chikanadutsa pamwamba pa chinzake, nsaluyo ikanangokhala chingwe mpaka pansi. Bwalo lonse linali zii. Ngakhale sayirini sindinkaimvanso.

Ndiyeno inatseguka.

Ndinali nditagwira nsalu imeneyo zaka zambiri. Ndinkaidziwa itagona patebulo, ndinkaidziwa italendewera mu nsanja, ndinkadziwa fungo lake ndi kulira kwake pansi pa chikhatho. Koma ndinali ndisanaionepo ili moyo. Inapuma mpweya kamodzi, n'kutambasuka thambo lonse, yoyera ndi yofiirira, dzuwa likuwala kupyola mkati mwake, yozungulira bwino popanda mbali yopindika. Kamunthu kaja kanagwedezeka pansi pake uku ndi uku, kenako kanakhazikika. Kugwa kuja kunasanduka kutsika. Ndinachita mantha a mtundu wina, onga amene umachita ukaona chinthu chachikulu kuposa iwe chikuchita chifundo. Ndinaganiza za anthu onse a m'nkhani za a Mfundo, amene anagwa opanda kanthu kumsana, ndi mwana uja wa msomali, ndipo ndinaona ngati onsewo agwirizira m'mphepete mwa nsaluyo.

Kuseri kwa mpanda ndege inagunda pansi, nthaka inanjenjemera, utsi unakwera. Palibe anayang'anako. Amakaniko, amuna akuluakulu a ndevu, ankapukuta m'maso ndi manja a mafuta.

Mpamene ndinamva ululu pamkono. Wina anali atandigwira mwamphamvu moti zikhadabo zinalowa. Anali Lumo. Sindidziwa kuti anafika nthawi yanji. Maso ake anali kumwamba, milomo ikuyenda popanda mawu, ndipo nditapenyetsetsa ndinazindikira kuti akutchula ndondomeko ya kapindidwe, kuyambira pa msoko woyamba. Anapitiriza mpaka mlongo wanga anatera m'udzu, nsalu n'kumugonera pambali. Atatero anandisiya.

"Yatseguka, Sajeni," anatero.

Anatembenuka kubwerera kuchipinda chathu, msana uli chilili. Atafika pa ngalande ya madzi anagwada n'kusanza. Ine ndinati ndi mantha a kafukufuku, ndipo ndinathamangira ambulansi.

*

Mlongo wanga anathyoka mwendo potera, ndipo adokotala anati msana wake wapanikizika moti wafupikako pang'ono. Mwiniwakeyo anati palibe vuto, anali wamtali kale kuposa nzeru zake.

Ofufuza anabwera tsiku lomwelo. Anatseka chipinda chathu, anatambasula parachuti ija patebulo, udzu uli mbuu, n'kuiyendera ndi magalasi okulitsa. Mmodzi wa iwo, mayi wosaseka, anaitana anzake kuti adzaone. Mizere ya mapindo inali ikuonekabe pa nsaluyo, yotalikirana mofanana kuyambira kumutu mpaka kumapeto. Anthu amenewa sanabwere kudzasaka woti amupachike. Anatola nthenga mu injini, anafunsa kumene akhwangwala amachokera, ndipo anapeza dzala limene linali litakula kuseri kwa khitchini ya asilikali. Dzalalo linakwiriridwa, ndipo panabadwa lamulo latsopano la kotayira zinyalala.

"Ili ndiye talipeza motchipa," anatero a Mfundo. "Lamulo lopanda maliro. Sizichitikachitika."

Patapita milungu ingapo mlongo wanga anabwera ndi ndodo ziwiri, chogwirira chachikasu ndi chakuda chili m'thumba la jekete. Mkazi wake, namwino uja, anatsala m'galimoto. Pakhomo anaima, anavula wotchi, kenako mphete yake ya ukwati, n'kuziika m'mbale. Mpheteyo inalira pa chitsulo, ndipo m'chipinda chachete chija tonse tinaimva.

Anayenda mpaka pa tebulo la Lumo. Anatulutsa chogwirira chija m'thumba.

"Ndabwera ndi ichi."

"Msomali uli apo, Kaputeni." Lumo sanadzutse mutu.

"Ndimafuna ndinene kuti..."

"Ndinagwira ntchito yanga. Musamale ndodozo, mungatikandire pansi."

Mlongo wanga anapita ku khoma. Malo otsala anali pafupi ndi msomali wopindika uja. Anapachika chogwirira chake pamenepo, anachiyang'ana chikugwedera, n'kutuluka. Pakhomo ndinamuona akulimbana ndi mphete kuti ilowe kuchala.

Mwezi umene adokotala anamulola kuulukanso, parachuti yatsopano ya mpando wake inafika. Kamba anali atabwerako ku maphunziro. A Mfundo anaiika patebulo lapakati n'kuyang'ana Lumo pamwamba pa magalasi.

"Ya Namzeze iyi. Dzanja lako linamuyanja, upindenso."

"Mupatseni Kamba, bwana."

"Chifukwa?"

"Lamulo."

"Lamulo liti? Si mbale wako."

"Lamulolo silithera pa mbale, bwana. Mukulidziwa mpaka kumapeto."

Anayankha akuyang'ana khoma la misomali. Kamba, amene anali atanyamula kapu ya tiyi kupita nayo panja, anaima nayo pakhomo.

"Ulendo uja bwanji sunanene?" anafunsa a Mfundo, mawu ali pansi.

"Ndikananena mukanapatsa ndani? Kamba kunalibe. Inu zala zinatha. Akanatsala ndi awa," analoza ine ndi chibwano, "ndipo awa akanabwerera."

"Nawenso unabwerera. Ndinakuona pawindo, utaima pa geti panga dzuwa likulowa, wopanda juzi, mphepo yonse ija."

"Ndinafika pa geti. Sindinagogode."

"Ukanagogoda sindikanakupatsa."

"N'chifukwa chake ndinakupatsani inuyo."

Ndinayang'ana pamkono panga, pamene tizipsera ta zikhadabo zake tinali tisanafufutike. Kiyi uja Lumo sanamubisire ine. Mkazi ameneyu anapinda moyo wa munthu amene anamusweratu mtima, mtima womwewo ukumufunabe, ndipo anasalaza pindo lililonse kamodzi kokha, n'kudzitsekera yekha kunja. Ndinachita manyazi, koma kuposa manyaziwo ndinachita naye mantha aja ndinachita pa simenti, nsalu itatseguka kumwamba.

A Mfundo anakhosomola, anabwezera magalasi m'malo.

"Kamba, siya tiyiyo, sakuthawa. Inu awiri tulukani. Munthu sangapinde maso anayi akumubaya kumsana."

Tinatenga ndolo zathu m'mbale n'kutuluka. Panja, pansi pa windo, panali benchi imene tinkadyerapo kale masana. Lumo anakhala kumapeto, kenako anasendera pang'ono kundisiyira malo. Kutali, asilikali anali atandanda phewa ndi phewa pa msewu wa ndege, mitu ili pansi, akutola timiyala.

"Kamba ndi wochedwa, alamu," anatero patapita nthawi. "Tikhala pano mpaka madzulo."

"Tikhala," ndinayankha.

Kuseri kwa khoma nsalu inayamba kukhwekhwereza patebulo. Zala za Lumo zinagwedezeka pa bondo, zikusalaza chinthu chosaoneka. Anaziyang'ana mokwiya, anatukula ntchafu, n'kuika manja onse awiri pansi pake. Nditayang'ana anga ndinapeza atayamba kale kupinda m'mphepete mwa malaya, pindo pamwamba pa pindo. Nanenso ndinawakhalira. Tinakhala choncho pa benchipo, akazi awiri akuluakulu a yunifolomu, aliyense atakhalira manja ake, tikumvetsera.